Mbewu ya Ganjang ya Amake Tae-sik

Kwathu ku Bamsil, ukafuna kudziwa khomo la munthu suyang'ana denga kapena galimoto. Umazungulira kuseri kwa nyumba n'kukaona mitsuko. Kuseri kwanga mukapeza itatu yokha, ndipo umodzi ndinadzalamo maluwa. Ganjang, msuzi wakuda wa soya uja timakoleretsera chakudya chilichonse, ine ndimagula wa m'botolo kusitolo, ndipo sindichita nazo manyazi chifukwa msana ndili nawo umodzi wokha. Koma kwa amake Tae-sik, amene ndakhala nawo moyandikana chikwatiwireni m'mudzi muno, mitsuko inkaima mizeremizere pa nsanja ya miyala, ikung'anima. Mayi amenewa ankayamba apukuta mitsuko m'mawa, kumaso kwawo n'kusamba pambuyo.

Dzina lawo ndi Gwak Ok-bun, koma palibe amene amawaitana choncho. Anabwera m'banja la a Nam ali kamtsikana, lero ndi kankhalamba kowerama ka pakamwa polasa. Ine ndimawatcha achemwali. Iwo amangoti “iwe Mal-sun” ngati ndine mwana, chonsecho nanenso imvi zili mbuu.

Pakati pa mitsuko ija panali umodzi wapakona, pomwe dzuwa limayambira kuwomba, womangidwa chingwe cha mapesi a mpunga m'khosi. Umenewo ndiwo unali wa mbewu, ganjang wakale wa makolo. Chaka chilichonse ganjang watsopano akakhwima, ankatunga zikho zingapo za mbewu n'kuthira mwa watsopanoyo kuti atenge kukoma kwa pakhomopo. Akatero ankasankha wabwino koposa mwa watsopano uja n'kubwezera mu mtsuko wa mbewu kuti usaphwe. Motero mbewu sinkatha. Achemwali anailandira kwa apongozi awo, apongoziwo anailandiranso kwa apongozi awo, ndipo amene anathira dontho loyamba palibe akumudziwa, ngakhale pamene pali manda ake.

Ine ndinailawa kamodzi, sabata imene mwamuna wanga anamwalira. Chakudya chinkandikana pakhosi. Achemwali anabwera ndi phala la mpunga, n'kudonthezamo timadontho ta mbewu kuchokera m'kambale. Poyamba unabwera mchere, kenako kutsekemera kosadziwika kochokera, kenako chinthu china chozama chimene chinakhala pa lilime mpaka madzulo. Ndinamaliza mbale yonse ndikulira. Chilawireni tsiku limenelo, ndikamadutsa pafupi ndi mtsuko uja ndinkatsitsa mawu.

Mbewuyo inali ndi malamulo awiri, ndipo mudzi wonse unkawadziwa. Chikho chotungira chimagwiridwa ndi mayi wa pakhomo yekha basi. Ndipo mbewu imatuluka pa geti njira imodzi yokha: mwana wamkazi wa m'nyumbamo akamapita kukakwatiwa, amapatsidwa kamtsuko kake. Siigulitsidwa, siipemphedwa. Akuluakulu ena a m'tauni anabwerapo ndi magalimoto onyezimira, anabwerera atamwa tiyi yekha.

Achemwali mwana wamkazi analibe. Anabereka mmodzi, Tae-sik, amene anakwatira mtsikana wa ku Jeolla dzina lake Mi-ran, wofatsa, woseka ataphimba pakamwa. Asanaone n'komwe mwana, thalakitala inagubuduzika ndi Tae-sik m'munda wa kuphiri. Nthawi ya maliro itatha, tinadabwa kumva achemwali akuthamangitsa mpongozi wawo, mawu ali pamwamba kuti mudzi wonse umve.

“Nyamuka! Pano palibenso chako. Ukufuna ukalambire pa khomo la eni?”

Anamupachika kamtolo ka nsalu yobiriwira m'manja n'kutseka geti. Ine ndinamuperekeza mtsikanayo pa siteji ya basi, akulira njira yonse, ndipo ndinakhala nyengo yonse yokolola osawalankhula achemwali. Papita zaka zoposa makumi awiri, ndipo dzina la Mi-ran silinamvekenso pakamwa pawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, chisanu chitangotha, kunja kuli gwa kuuma, moto unabuka kuseri kwa phiri ndipo mphepo inaunyamula. Mitengo ya paini inkaphulika ngati mfuti. Ndinaimika pikapu yanga pa geti pawo n'kuwapeza akumbatira mtsuko wa mbewu.

“Kwerani, achemwali!”

“Tabwera kaye undigwirize uwu.”

“Mtsuko wolephera amuna awiri umenewo? Kwerani, mukufuna tipsere limodzi?”

Ndinawanyamula ngati thumba la mpunga, iwo n'kundiluma pamkono ndi mano awo ogula aja. Chipsera ndikadali nacho. Titabwerera patapita masiku, nyumba kunalibe, ndipo mitsuko yonse inali itaphulika. Achemwali anakhala pansi paphulusa, n'kutola phale la mtsuko wapakona uja, n'kulinyambita. Analavula, n'kutola lina. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa zinthu zina si zoti mnzako azikuonerera.

Aliyense ankati basi, nkhalamba ija yatha. Koma ali m'kanyumba ka malata kamene boma linatiikira, nthawi yokolola itakwana anagula soya, anaphika, anasinja, anaumba njerwa za soyayo n'kuzipachika ndi mapesi kuti ziume. Chaka chatsopano chitadutsa, pa tsiku la kavalo la pa kalendala yathu yakale, monga mwa mwambo, anaziviika m'madzi a mchere m'mitsuko yatsopano, makala ndi tsabola zikuyandama pamwamba. Kunatsala kuvuula njerwazo ndi kutsala ndi ganjang. Tsiku lovuula likuyandikira, anagogoda kwanga m'mamawa atavala malaya a kuukwati, chikwama chili m'manja.

“Iwe Mal-sun, kathire mafuta m'chigaliwondo chakochi. Tikupita kwa alamu anga.”

“Alamu ati?”

“Awiri aja. Onse anatuluka pano ndi kamtsuko. Ndikufuna chikho chimodzi chokha.”

“Koma achemwali, mukuvutikira ndani? Mwana mulibe, mdzukulu mulibe. Ganjang watsopanoyu sakukwanani?”

“Wopanda mbewu ndi madzi amchere akuda chabe,” anatero. “Ndipo sindikuvutikira wam'tsogolo. Ndikuopa am'mbuyo. Azimayi onse aja anaisunga pa nkhondo, pa njala, ndiye ikathere m'manja mwa ine? Ndikakawapeza apongozi anga uko ndikawauze chiyani?”

Ndinakathira mafuta.

Muyenera kudziwa kuti mayi amenewa moyo wawo wonse sanapitirirepo tauni ya boma lathu. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kunja kwa chigwa chathu anthu sadya, amangodzaza mimba. M'chikwama muja anali atanyamula mpunga wawo ndi kimchi yawo, kabichi wosasa wothira tsabola uja, poopa kufa ndi njala m'dziko lawo lomwe.

Tinayamba ku Busan, kwa a Gwi-ja, mlongo wamkulu wa malemu amuna awo. Amakhala ndi mwana wawo m'nyumba zosanjikizana, m'mwamba momwe ngakhale khwangwala safikamo. M'chikepe achemwali anagwira lamba wanga mpaka zala kuyera. A Gwi-ja atamva chimene tabwerera, anayang'ana pansi.

“Mlamu, ana anataya.”

“Anataya?”

“Ankati ukununkha pakhonde, oyandikana nawo akudandaula. Ine ndinali m'chipatala ndi bondo ili. Pobwera ndinapeza pamalo pake aikapo makina ochapira.”

Ndinkayembekeza kuti nyumbayo igwedezeka. Koma achemwali anapita pakhonde paja, anayang'ana makinawo nthawi yaitali, n'kungoti, “Akuchapa bwino?” A Gwi-ja anayamba kulira, ndipo pofuna kupepesa anatitengera kumsika kukadya msuzi wa nkhumba ndi mpunga. Mphika wake unali waukulu woti mwana n'kusambiramo, ukubwata chiyambire dzulo, msuzi uli woyera ngati mkaka. Achemwali anasuzumira patebulo paja.

“Ganjang ali kuti?”

“Kuno sitithira ameneyo, agogo,” anatero mayi wogulitsa. “Thirani tinkhanu tamchere ito, ndi masamba a anyezi awo. Musaope, sitiluma.”

“Msuzi wopanda ganjang ndi madzi otsukira mbale.”

“Lawani kaye, mukanyoze mutakhuta.”

Analawa ndi nsonga ya supuni, nkhope atakwinya. Analawanso. Kenako anamaliza mbale yonse, mpaka kuinyamula ndi manja awiri kuti amwe wotsalira. Tili m'galimoto anati, “Iwe Mal-sun, anthu aja anaphunzira kuti zimenezi?” Mawu awo anali a munthu amene waona chinthu chachikulu, ndipo ine sindinawaseke ngakhale ndinali ndi mpata.

M'mawa mwake tinatsata gombe kulowera ku Tongyeong, kwa a Deok-im, mlamu wamng'ono amene anakwatiwa ndi msodzi. Msewu utakhota pa phiri lina, nyanja inangoti yalaa, zilumba zili mbwee, madzi akuwala moti maso kulephera kupirira. Achemwali anati ndiime. Anatsika, anaima m'mbali mwa msewu manja ali pachifuwa, ndipo atakhala nthawi anafunsa ngati madzi onsewo ndi amchere. Nditavomera, anapukusa mutu. Zaka zonse zija ankagula mchere pa thumba, kuusamala ngati mankhwala, osadziwa kuti kwina ukungogona osatha.

A Deok-im ndi mayi wonenepa, waphokoso, woseka ndi thupi lonse. Anatilandira akukuwa.

“Mlamu! Mwatsika m'phiri muja? Kugwa chipale chofewa mwezi uno! Ndipo mwabwera ndi Mal-sun, uja ankaphika mpunga wosapsa?”

“Mpaka pano,” anatero achemwali.

Mtsuko anali nawo. Anausunga, ankauthira chaka ndi chaka, uli kuseri pakati pa maukonde. Mtima wanga unakhala pansi, ndinayamba kale kuganiza za ulendo wobwerera. Koma a Deok-im anati palibe kutsegula mtsuko alendo asanadye. Anaphika nsomba yaphwatalala imene imanona nyengo imeneyi yokha, pamodzi ndi timasamba ta ssuk tonunkhira, timene anakathyola m'mawa womwewo m'mbali mwa munda tikadali tanthete. Msuzi wake unali woyera mbee, wosachulukitsa kanthu. Ndikamwa ndinkamva ngati chisanu chonse chikutuluka m'mafupa. Achemwali anafunsa mafunso ngati mwana wasukulu: nsomba imalowa nthawi yanji, masamba nthawi yanji, moto ukhale wotani.

Kenako tinapita kuseri. A Deok-im anavundukula, anatunga pang'ono m'kambale. Achemwali ananunkhiza, n'kuviika kachala kakang'ono, n'kulawa. Anatseka maso.

“Mumathiramo chiyani?”

“Soya wathu yemweyu. Ndi msuzi pang'ono wa tinsomba tamchere, monga amachitira onse kuno. Apongozi anga ankati wakumapiri ndi wouma.”

“Ndi wokoma,” anatero achemwali. “Ndikunena zoona, mlamu, ndi wokoma kuposa wanga. Koma mbewu yanuyi inakwatiwa kuno limodzi ndi inu. Ikulankhula chinenero cha kunyanja. Amayi anu atailawa angafunse kuti kodi uyu ndi mwana wa yani.”

Ine magazi anandikwera. “Achemwali, tengani yomweyi! Theka lake ndi yanu ndithu. Akufa aja akakufunsani, mukawauze kuti munayesetsa.”

“Akufa sanamizidwa, iwe.”

A Deok-im anakhala pa mwala, kuseka konse kutatha. “Ndiye basi, mlamu. Ana aakazi tinalipo awiri okha.”

Achemwali anapukuta kachala kaja pa malaya, pang'onopang'ono.

“Alipo wachitatu.”

“Wachitatu uti? Amayi anabereka wina kutchire?”

“Mi-ran.”

Ine nthawi yomweyo ndinakaona kamtolo ka nsalu yobiriwira kaja, mmene mtsikanayo anakafumbatira pachifuwa pa siteji ya basi. Ndinali ndikuganiza kuti munali zovala.

“Munapatsa mbewu mpongozi wochoka?” anatero a Deok-im. “Mlamu, zimenezo sizinachitikepo!”

“Sindinapatse mpongozi. Mtsikana uja anali ndi zaka zochepa, ndipo anali atanena kale kuti akhala nane mpaka adzandiike m'manda. Ndikanamulankhula mokoma sakanachoka. Ndinamutukwana kuti apite akapeze moyo. Koma kutuluka pa geti panga kupita kukakwatiwa, anatuluka ngati mwana wanga.”

“Munamuuza?” ndinafunsa.

“Ndikanamuuza akanachoka?”

Zaka zonsezo achemwali ankadziwa kumene Mi-ran ali. Bambo wina wogulitsa mchere, amene amabwera ndi lole chaka ndi chaka kuchokera kugombe la ku Jeolla, ndiye ankawauza: wakwatiwa, wabereka, wabereka wina. Iwo ankamvetsera akuyesa mchere ndi dzanja, ngati nkhaniyo siikuwakhudza. Ndinakumbuka nyengo ija ndinakhala osawalankhula, ndipo ndinawayang'ana mayi wowerama uja ngati ndikuwaona koyamba.

Tinalowera kumadzulo. Njira yonse kimchi yawo ija sanaitsegule n'komwe. Pafupi ndi Beolgyo, kumene Mi-ran anakwatiwa, nyanja ikaphwa imasiya matope mpaka pomwe maso alekezera, ndipo tinafika itaphwa. Kutali tinaona timadontho tikuyenda. Anali azimayi, aliyense bondo limodzi pa thabwa lalitali, mwendo wina ukukankha, akutsetsereka pamatope ndi madengu a tinkhono. Ankabwera mwakachetechete, mzere umodzi, dzuwa likuwala pamatopepo. Moyo wanga wonse ndadya tinkhono timeneti pa nsembe za makolo, osaganizapo kuti pali munthu amene amakwawa pa bondo kukatitenga.

Mmodzi wa iwo atafika pamtunda anavula chipewa n'kuima chilili. Nkhope inali yakuda ndi dzuwa, thupi litadzaza, koma dzanja linapita pakamwa ngati kale. Kenako, ndi matope ake omwewo, anagwada pa simenti n'kugunditsa chipumi pansi, kulonjera kwakukulu kuja timachitira makolo.

“Amayi.”

“Dzuka, ukudetsa simenti ya eni,” anatero achemwali.

Za kuchuluka kwa zakudya pa tebulo la anthu a ku Jeolla munamvapo, ndipo si bodza. Mi-ran anatikhazika pansi n'kuyamba kubweretsa timbale mpaka tina kusanjikiza pa tinzake: tinkhono towiritsa pang'ono chabe, tina tosakaniza ndi tsabola ndi viniga, ndere za m'nyanja, nkhanu zoviika, kimchi ya masamba a mpiru yoluma m'mphuno, nsomba zouma, mizu imene sindinaidziwe dzina. Mwamuna wake, bambo wachete wa manja akuluakulu, ankatitsegulira tinkhono ndi supuni n'kumaika pa mpunga wa achemwali. Iwo analawa kambale kalikonse, akugwedeza mutu, koma chimene tinabwerera osachitchula. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindinabadwe nako.

“Mi-ran, nyumba inapsa. Mitsuko yonse inaphulika, ndi wa mbewu womwe. Amayi akowa ayenda dziko lonse kufuna chikho chimodzi, ndipo akuchita manyazi kukufunsa. Kamtsuko kaja ukali nako?”

Mi-ran anaika pansi mbale imene anali nayo. Analowa m'chipinda chosungira katundu, ndipo anatuluka ndi kamtolo kaja, nsalu yobiriwira yomwe ija, itangofwifwa. Mfundo yake inali ya achemwali, ndinaidziwa, chifukwa amamanga mokhotera kumanzere.

“Sindinatsegulepo,” anatero.

“Chiyambire?”

“Poyamba ndinali ndi mkwiyo. Ndinkati andithamangitsa ngati galu n'kundipatsa kamba wa panjira. Ndinatsala pang'ono kukasiya m'basi. Nditakwatiwa kuno, apongozi anga anakaona, anafunsa kuti muli chiyani ndipo wandipatsa ndani. Nditawauza anakhala pansi. Anati, ‘Mwana iwe, mbewu sapatsa mpongozi. Mayi ameneyo anakutulutsa ngati mwana wake wobereka.’ Ndinalira sabata yathunthu. Ndinkafuna kubwera, koma ndikanafika ndi nkhope yanji, nditakhala chete nthawi yonseyo? Ndiye ndinangokasunga. Ndinkaopa kuti ndikatsegula katha.”

“Sunathiremo watsopano ngakhale kamodzi?” ndinafunsa.

“Amathiramo?”

Mtsikanayu anakhala pakhomo paja nthawi yochepa, ndipo chikho sanachigwirepo. Akanadziwa bwanji kuti mbewu imafuna kudyetsedwa? Achemwali ananyamula kamtsukoko n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Simunamveke kanthu. Anamasula nsalu, anachotsa chivundikiro, anadula chingwe cha pepala lokhuthala lija linamatidwa pakamwa pake. Tonse tinasuzumira. Munalibe dontho ngakhale limodzi.

“Ndaipha,” anatero Mi-ran. “Amayi, ndaipha mbewu yanu.”

Ine ndinafuna kutukwana, koma sindinadziwe woti ndimutukwane. Ulendo wonse uja, mafuta onse aja, nkhalamba kugwira lamba wanga m'chikepe, zonse kuthera pa kamtsuko kouma. Madzi akatayika saoleka, ndinatero mumtima, tiyeni tizipita.

Achemwali ananyamuka ndi kamtsuko kaja kupita pakhomo pomwe panali kuwala, n'kukapendeketsa. Pansi pake panali pakung'anima. Mchere wa mbewu ija unali utaundana n'kukhala timiyala, tofiirira mpaka kuda, tosongoka, titamatirira pansi ndi m'mbali, ndipo pakati pake panali phala lakuda lolimba ngati phula. Fungo linayamba kutuluka pang'onopang'ono n'kudzaza chipinda chonse, mpaka linaposa timbale tonse ta patebulo paja. Ndinalidziwa. Linali fungo la pakona paja, kuseri kwa nyumba imene kulibenso.

Anapempha supuni, anagogoda pang'ono, n'kuthyola kamwala kochepa ngati njere ya mpunga. Anakaika pa lilime n'kutseka maso. Tinadikira. Misozi inayamba kutsika m'makwinya muja iwo osaipukuta.

“Iyi ndi yakale kuposa imene inapsa,” anatero. “Ija ndinaithira ndekha zaka zonsezi, inali itayamba kufanana ndi ine. Mu iyi muli dzanja la apongozi anga, chaka chawo chomaliza. Mchere wake anasenza Tae-sik kuchokera pa geti.” Anatsegula maso n'kuyang'ana Mi-ran. “Aliyense amene ankadziwa kusamala mbewu anaisintha. Iwe wosadziwa ndi amene waisunga.”

Anathyola kena n'kupatsa Mi-ran, kena mwamuna wake, kena ine. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Kanthu kochepa choncho, kouma, koiwalika m'chipinda pakati pa maukonde ndi mabokosi, ndipo pa lilime panga kanadzuka: mchere, kenako kutsekemera kuja, kenako chozama chija ndinachimva tsiku la phala. Azimayi amene sindinawaonepo, amene ngakhale mayina awo anatayika, anali atandifikira pakamwa. Ndinakhala pansi pa khomo la eni.

Pobwerera, kamtsuko kanakhala pamiyendo pawo, lamba wa galimoto atamanga onse awiri. Pa bampu iliyonse ankanditukwana. Tikutsazikana anali atamuuza Mi-ran tsiku lovuula njerwa, akuyang'ana kumbali, ngati akunena za nyengo chabe.

Tsikulo linafika kuli dzuwa. Mapiri athu anali akadali akuda, koma m'munsi mwa zitsa maluwa ofiirira anali atayamba kutuluka. Tinavuula njerwa, tinasefa ganjang watsopano pa nsalu. Achemwali anasungunula timiyala tija mu ganjang wofunda pang'ono, m'mbale yadothi, akutakasa mosafulumira mpaka tonse titatha. Mtsuko watsopano wapakona unali utamangidwa kale chingwe cha mapesi m'khosi. Ankangochedwa, kupukuta pamene apukuta kale, maso ali kumsewu. Basi ya masana itaima, Mi-ran anatsika ndi dengu la tinkhono pamutu ndi epuloni m'manja.

“Wachedwa,” anatero achemwali. “Kasambe m'manja.”

Atasamba, achemwali anatenga chikho chatsopano n'kumutambasulira.

Mi-ran anabweza manja kumbuyo. “Amayi, chikho ndi cha mayi wa pakhomo. Ine ndine wa banja lina.”

“Pakhomo pake pati? Ukuona nyumba pano?” Analoza kanyumba ka malata kaja ndi chibwano. “Nyumba inapsa, lamulo lake linapsera momwemo. Chatsala ndi mbewu ndi mwana wanga. Gwira, ndikuonetse mmene amaidyetsera, usadzaiumitsenso.”

Mi-ran anagwira chikho ndi manja awiri. Anatunga m'mbale muja n'kuthira mu mtsuko, ndipo mbewu yakuda ija inatsika n'kumwazika mwa watsopano. Achemwali anaima pambali akumuuza kuti pang'onopang'ono, tsitsa dzanja, usathire ngati ukuthirira kabichi. Manja awo anali atawapinda kumbuyo. Zaka zonse ndakhala nawo moyandikana, kanali koyamba kuwaona manja amenewo ali pafupi ndi mtsuko osagwira kanthu.